Kubwezeretsa moto m'chipinda chochezera: zolemba za ntchito ya pa chumuni chathu ku Leeds

7 Sepitembala

Lero ndazula thabwa limene eni nyumba akale anatsekera pamalo osonkherapo moto m'chipinda chochezera. Takhala muno zaka zitatu tikungoliyang'ana, litapakidwa penti yoyera, kutsogolo kwake titaikako mphika wa maluwa. Linagwira ndi misomali inayi yokha. Nditangolikoka, mwaye, timitengo ndi zidutswa za matope ouma zinakhuthukira pakapeti, ndipo m'chipinda monse munadzaza fungo lija la khitchini yaudzu imene yatha miyezi osasonkhamo moto.

Chimene chatiyambitsa ntchitoyi ndi apongozi. Akubwera mu Disembala kuchokera ku Dedza, ndipo adzakhala nafe mpaka Malichi. Kuzizira amakudziwa, pakuti Dedza mu Juni si malo ocheza nawo, koma ulendo wapita uja ankakhala tsiku lonse atafunda zitenje ziwiri pafupi ndi radiator, chitsulo chofunditsira chipinda, n'kumati kutentha kosaoneka moto wake kumangoumitsa kukhosi. Mawu amenewo sanandichoke.

Ndayeza. Pakamwa pa malowa ndi mamilimita 410 m'lifupi ndi 560 msinkhu, ndiye kuti mainchesi 16 ndi 22, muyezo umene umapezeka m'nyumba zambiri zakale kuno ku England. Kumbuyo kuli chikhoma chopendekera cha dongo lowotcha, chong'aluka pakati kuchokera pamwamba mpaka pansi. Nyumba yathu ndi ija ya mdadada, ya njerwa zofiira, yomangidwa cha m'ma 1900, ndipo chumuni chili pakhoma limene timagawana ndi aneba.

12 Sepitembala

Madzulo atatu ndakhala pa intaneti kuyang'ana masitovu ofunditsira nyumba. Maso amakopeka msanga: galasi lalikulu, malawi akuvina, chipinda chowala ngati cha mu hotela. Ndaona za Stovax, za Charnwood, za Esse ndi zina zambiri. Mayi a kunyumba kuno anandipeza ndikuyerekeza mitengo n'kufunsa funso limodzi lokha: “Bambo, m'chumunimo mwaonamo kale?” Ndinali ndisanaonemo. Ndatseka kompyuta, ndaitana wosesa chumuni.

19 Sepitembala

Wosesa uja wabwera ndipo watha maola atatu. Ndilemba zonse chifukwa tsiku la lero lasintha dongosolo lonse la ntchito.

Choyamba, chisa. Kuno kuli kambalame konga khwangwala wamng'ono, dzina lake jackdaw, kamene kamakonda kuponya timitengo m'chumuni mpaka tina titapingasa, kenako n'kumanga pamwamba pake. Chaka ndi chaka kamawonjezera. Wosesayo watulutsa matumba asanu a timitengo, ubweya, mapepala ndi dothi. Wandiuza kuti tachita mwayi kuti ndi Sepitembala, chifukwa lamulo la 1981 loteteza zachilengedwe sililola kuphwasula chisa chimene mbalame ikuchigwiritsa ntchito, ndiye tikanayamba mu Epulo tikanadikira mpaka anapiye atauluka.

Chachiwiri, kamera. Anaikweza pandodo zolumikiza ndipo tonse tinkaonera pa kasikirini. M'kati mwa chumuni chakale amisiri ankamata matope a laimu kuti utsi usadutse m'mipata ya njerwa. M'chathu matopewo ayoyoka m'malo ambiri, njerwa zili pamtunda, zina zakuda bii ndi phula la malasha a zaka zambirimbiri. Cha pamwamba, pamene njira ya utsi ya m'chipinda chochezera imayenda moyandikana ndi ya kuchipinda chogona, pali kakhoma kopyapyala kolekanitsa ziwirizi, ndipo njerwa imodzi ya kakhomako inasuntha, mpata wake woti dzanja n'kulowa.

Chachitatu, anayatsa kambulu kotulutsa utsi wambiri, mnzake atatseka pamwamba padenga. Sipanathe mphindi ziwiri mwana wathu wamkazi anakuwa kuchokera m'mwamba kuti m'chipinda mwake mukutuluka utsi. Tinathamangirako. Unkatuluka pang'onopang'ono m'mphepete mwa thabwa la pansi pa khoma, chapafupi ndi kumutu kwa bedi lake.

Ndinaima pamenepo kwa kanthawi osayankhula. Ife a kumudzi nkhani imeneyi timaidziwa. Nyengo yozizira ikafika timamva za anthu amene analowetsa mbaula ya makala m'nyumba, n'kutseka chitseko ndi mawindo, osadzukanso m'mawa. Mpweya umene umapha uja, carbon monoxide, suoneka ndipo sununkha. Utsi wa lerowu tinauona chifukwa anaupanga dala kuti uoneke. Ndikanangogula sitovu sabata yatha n'kuilowetsa pabowopo, monga ndinkaganizira, mwanayu akanamagona ndi mpweya umenewo usiku uliwonse.

Ndiye nkhani ya liner, paipi yachitsulo yopindika imene imatsitsidwa m'chumuni kuyambira padenga mpaka pa sitovu, yatha yokha. Iyenera kuikidwa basi.

22 Sepitembala

Ndayang'ana pa mapu a khonsolo ndipo msewu wathu uli m'dera limene amati Smoke Control Area. Madera oterewa anayamba ndi lamulo la Clean Air Act la 1956, limene linabwera pambuyo pa chiutsi chimene chinakuta London mu Disembala 1952 n'kupha anthu masauzande. Tanthauzo lake kwa ife ndi lakuti sitingasonkhe nkhuni pamoto wapoyera. Nkhuni zimaloledwa mu sitovu yokhayo imene ili pa mndandanda wa DEFRA, unduna woona za chilengedwe, ndipo chumuni chikamafuka utsi khonsolo ikhoza kulipiritsa mapaundi 175 mpaka 300. Malasha wamba aja analetsedwa kugulitsidwa kwa anthu a m'makomo mu England kuyambira Meyi 2023. Komanso sitovu iliyonse yatsopano yogulitsidwa kuyambira Januwale 2022 iyenera kukwaniritsa muyezo wa Ecodesign pa kuchuluka kwa utsi.

Maganizo ongokonza chikhoma chong'alukacho n'kumasonkha moto monga ankachitira akale afera pomwepa. Sindikudandaula kwambiri. Moto wapoyera umataya kutentha kwake kochuluka kudzera m'chumuni, ndipo umakokanso mpweya wofunda wa m'nyumba n'kuutulutsa kunja, moti kumaso kumapsa koma kumsana kukuzizira.

29 Sepitembala

Takhala pansi awiri titagoneka ana, pepala lili patebulo, kukambirana njira zimene zatsala.

Yamagetsi ndiyo yosavuta. Sifuna chumuni, sifuna mmisiri, umangoilowetsa pabowo n'kulumikiza kusoketi. Koma zambiri mphamvu yake yotenthetsera imalekeza pa 2kW, malawi ake ndi chithunzi chabe, ndipo yuniti ya magetsi kuno imadula pafupifupi kanayi kuposa ya gasi. Tinaidutsa msanga.

Yagasi ndiyo inatitengera nthawi, ndipo mayi ndiwo ankaikonda. Umangodina, moto wayaka. Palibe phulusa, palibe kusenza nkhuni, utsi wake ndi wochepa kwambiri. Imafuna mmisiri wolembetsedwa ku Gas Safe Register, kaundula wa amisiri ovomerezeka a gasi, ndipo kwa ife pafunika kukoka paipi ya gasi kuchokera kukhitchini kudzera pansi pa matabwa, komanso chumuni chathu chodonthachi chifunabe liner yakeyake.

Mfundo ya mayi ndi yolemera ndipo ndiilemba monga anainenera. Iwo amagwira ntchito kuchipatala ndipo amaona anthu a chifuwa nyengo yozizira iliyonse. Anati: “Bambo, tinachoka kumudzi kumene amayi anga akhala zaka zonsezi akutsokomola ndi utsi wa m'khitchini. Ndiye tiwaitanire kuno kudzawasonkhera nkhuni?” Akunena zoona. Boma la kuno limanena lokha kuti kuwotcha nkhuni m'makomo ndi limodzi mwa magwero akuluakulu a tifumbi tosaoneka tija ta PM2.5 timene timalowa mpaka m'mapapo. Sitovu yatsopano imachepetsa kwambiri poyerekeza ndi moto wapoyera, koma siithetsa, ndipo ukatsegula chitseko kuti uwonjezere nkhuni pang'ono pamalowa m'chipinda.

Ndinavomeranso kuti pa ndalama sitipulumutsa kanthu. Munthu wogula nkhuni zouma m'matumba mumzinda sangapose pa kutchipa gasi wa mu boiler, makina otenthetsa madzi ofunditsira nyumba yonse. Amene amapindula ndi amene ali ndi kopeza mitengo yaulere ndi malo oiumitsira.

Nanga bwanji ndikufunabe yankhuni? Ndinayankha zinthu ziwiri. Magetsi akazima boiler nayo imazima, chifukwa pampu yake ndi yamagetsi, ndipo chaka chatha mphepo itagwetsa mawaya tinagona usiku wonse titavala majekete, ana tili nawo pabedi limodzi. Sitovu yankhuni yopanda fani sidalira waya aliyense. Chinacho n'chovuta kuchiika papepala. Ine ndinakulira pamoto. Nkhani zonse zimene ndimadziwa za agogo anga ndinazimva tikuwotha moto, ndipo ana anga sanaonepo munthu akusonkha nkhuni m'nyumba.

Sitinamalize usiku umenewo.

3 Okutobala

Tagwirizana. Yankhuni, koma ndi malamulo a mayi: siikhala yotenthetsera nyumba tsiku ndi tsiku, boiler ipitiriza ntchito yake, tiziyatsa madzulo ozizira kwambiri ndi kumapeto kwa sabata, nkhuni zouma zokhazokha, ndipo wina akayamba chifuwa moto uyamba waima. Ndavomera zonse ndi mtima umodzi.

10 Okutobala

Amisiri awiri abwera kudzaona malo sabata ino, ndipo kusiyana kwawo kwandiphunzitsa zambiri.

Woyamba sanagwade n'komwe kuti asuzumire m'chumuni. Anayang'ana chipinda, n'kunena kuti nyumba zakalezi zimazizira, choncho titenge ya 8kW, ndipo anali nayo kale m'kabuku kake. Nditamuuza za utsi umene unatulukira kuchipinda cha mwana, anati liner tikhoza kudzaika chaka chamawa ndalama zikapezeka. Ndinamuperekeza pakhomo mwaulemu.

Wachiwiri anafika ndi tepi yoyezera ndi tochi, anapempha lipoti la wosesa uja, n'kuliwerenga lonse ali chiimire. Kenako anandiyezetsa chipinda: mamita 4.2, mamita 3.9, ndipo kuchoka pansi kufika kusiling'i 2.7. Tikachulukitsa zikukwana pafupifupi 44. Amisiri a kuno ali ndi kawerengedwe kachidule kogawa nambala imeneyi ndi 14, ndipo yankho lake ndi mphamvu ya sitovu imene chipinda chikufuna. Kwa ife ndi 3kW ndi pang'ono. Poganizira windo lalikulu la kumsewu ndi chitseko chopita kumasitepe chimene ana satseka, anati 4 kapena 5kW ndi yokwana, osapitirira.

Ine ndinkaganiza kuti yaikulu ndiyo yabwino, ukatenthedwa ungochepetsa mpweya. Iye anandifotokozera kuti pamenepo ndi pamene pamayambira mavuto. Sitovu imayaka bwino ikamayaka mwamphamvu. Ukaitsamwitsa kuti isakuwotche, nkhuni zimangonyeka mofuka, galasi limada, ndipo utsi wozizirawo umasiya phula m'paipi, phula limene tsiku lina limadzagwira moto m'chumuni momwemo. Ndinakumbukira momwe owotcha makala amakwirira uvuni ndi dothi kuti mitengo isayake koma ingofuka. Sitovu yaikulu m'chipinda chaching'ono imasanduka uvuni wotero.

Palinso nkhani ya mpweya wolowa. Malamulo a zomangamanga a kuno, gawo limene amati Approved Document J, amati m'nyumba yakale ngati yathu sitovu yosapitirira 5kW siifuna bowo lapadera lolowetsa mpweya, koma ikapitirira pamafunika kuboola khoma, bowo losatseka chaka chonse. Ndiye ya 8kW ija ikanatibweretsera chibowo cholowetsa mphepo ya Januwale m'chipinda chimene tikufuna kuchifunditsa. Woyamba uja sanatchule zimenezi.

Wachiwiriyu ndi wolembetsedwa ku HETAS, bungwe lovomereza amisiri oika masitovu otere, ndipo nambala yake ndaitsimikiza pa webusaiti yawo. Ubwino wake ndi wakuti akamaliza amapereka yekha satifiketi n'kudziwitsa khonsolo. Ukagwiritsa ntchito mmisiri wosalembetsedwa, kapena ukaika wekha, uyenera kuitana a khonsolo oona zomangamanga kuti adzayendere, n'kuwalipira. Satifiketiyo a inshuwalansi amaifuna, ndipo tsiku logulitsa nyumba idzafunsidwa.

14 Okutobala

Funso latsala ndi ili: yolowetsa m'khoma, imene amati inset, kapena yoima payokha?

Mmisiri akuti kuseri kwa chikhoma chong'alukacho kuli mpata waukulu umene omanga nyumba anasiya, ndipo titagumula tikhoza kuimikamo sitovu ya miyendo. Yotereyi imatulutsa kutentha mbali zonse, ndipo pamwamba pake umatha kutereka ketulo kapena kufunditsa ndiwo. Mtima wanga unali pamenepo. Ndinkaona kale apongozi akutereka tiyi.

Koma chipinda chathu n'chopapatiza. Malamulo amafuna kuti kutsogolo kwa chitseko cha sitovu pakhale malo osagwira moto osachepera mamilimita 225, ndi 150 mbali iliyonse. Sitovu yoima payokha ikanatulukirako pang'ono, ndiye mwala wapansiwo ukanafika pamene timadutsa popita kukhitchini. Kugumulako kukanafunanso mtanda watsopano wogwira njerwa za pamwamba, pulasitala, ndi kuchotsa matailosi obiriwira akale ozungulira pamotopo, amene mayi anawakonda tsiku lomwe tinadzaona nyumbayi. Ndi mwana wazaka zitatu wothamangathamanga, chitsulo chotentha mbali imodzi n'chosavuta kutchinga kusiyana ndi chotentha mbali zitatu.

Inset ndi bokosi m'kati mwa bokosi. Lam'kati ndi moyakira moto. Pakati pa awiriwo pali mpata: mpweya wozizira umalowa m'munsi, umatenthedwa pozungulira kumbuyo, n'kutulukira pamwamba kubwerera m'chipinda, popanda fani. Chofooka chake n'chakuti kutentha kwina kumalowerera m'njerwa, ndipo poti khoma lathu ndi logawana, kwina kukafunditsa aneba. Mankhwala ake ndi kutchinga bwino kumbuyo ndi m'mbali, monga kabuku ka opanga kanenera.

Tasankha inset. Za ketulo ndazisiya, ngakhale zikundiwawabe pang'ono.

18 Okutobala

Lero ndagumula chikhoma chong'aluka chija ndekha, mmisiri atandilola, kuti tidziwe kuya kwenikweni tisanaitanitse kanthu. Kuseri kwake kunali zinyalala za njerwa ndi matope, ndowa zisanu ndi imodzi. Kuya kwatuluka mamilimita 355 pakati, koma kumanzere kuli njerwa yotulukira imene ikudya mamilimita 20. Masitovu awiri mwa anayi amene ndinalemba papepala agwa pomwepo chifukwa ndi aatali kumbuyo. Mwa iwo muli ija ya galasi lalikulu imene ndinaikonda tsiku loyamba.

Pansi pa matailosi ndapeza konkire yochindikala bwino, yopitirira mamilimita 125 amene amafunika. Pamenepo tapulumuka ndalama.

21 Okutobala

Taitanitsa. 5kW, ya nkhuni zokha, ili pa mndandanda wa DEFRA, ya muyezo wa Ecodesign, yolowa pabowo la mainchesi 16 popanda kugumula matailosi.

Panali kusankha pakati pa ya nkhuni zokha ndi yotha kuwotchanso timabuledi tamalasha topanda utsi. Yachiwiriyi imakhala ndi chitsulo chamipata pansi ndi kabati ka phulusa, zimene zimadya malo, ndipo m'bokosi laling'ono chonchi malo ndi ofunika. Nkhuni zimayaka bwino zitakhala pa phulusa lake, mpweya ukuchokera pamwamba. Malasha sitikuwafuna, ndiye palibe chifukwa cholipirira zimene sitidzagwiritsa ntchito.

Zimenezi zathandizanso pa liner. Pali chitsulo cha giredi 316 ndi cha 904. Cha 904 chimapirira asidi wa malasha ndipo n'chodula. Pa nkhuni zouma 316 ndi yokwana. Kukula kwake tatenga mamilimita 125, amene amaloledwa pa sitovu za pa mndandanda wa DEFRA ngati opanga avomereza, apo ayi akanakhala 150. M'chumuni chathu muli pokhota pawiri, ndipo mmisiri akuti yocheperayi idutsa popanda kuboola khoma la kuchipinda chogona.

Nditaphatikiza mapepala onse, sitovuyo payokha sikufika theka la ndalama zonse. Zotsalazo ndi liner, chipewa cha pamwamba, makwerero a padenga, kukonza njerwa ndi ntchito ya amisiri. Masabata asanu apitawo ndinkawerengera mtengo wa sitovu wokha.

2 Novembala

Nkhuni zafika, thumba limodzi lalikulu la mitengo ya ash ndi birch. Kuyambira Meyi 2021, ogulitsa nkhuni zochepera makiyubiki mita awiri mu England ayenera kugulitsa zouma, chinyezi chosapitirira 20 peresenti, ndipo zimakhala ndi chizindikiro cha Ready to Burn. Ndagula kachipangizo koyezera chinyezi, ka timisomali tiwiri. Kayezedwe kake ndi kuwaza chikuni pakati n'kubaya m'kati mwatsopanomo, osati kunja. Zisanu zimene ndawaza zaonetsa pakati pa 15 ndi 18.

Ndisanayeze ndinagundanitsa zikuni ziwiri monga tinkachitira kwathu. Youma imalira mowala, yaiwisi imangoti phu. Khutu ndi kachipangizo zinagwirizana, ndipo ndinamuitana mnyamata wanga kuti amve kusiyana kwake ndi chikuni cha mtengo umene aneba anadula mwezi watha. Chimenecho chinaonetsa 34.

Mnzanga wina wandilonjeza mapaleti akuntchito kwawo. Ndathokoza koma ndakana. Matabwa opakidwa penti kapena mankhwala saloledwa mu sitovu, ndipo utsi wake ndi poizoni.

13 Novembala

Tsiku loika. Amisiri awiri, kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka mdima.

Anayamba ndi padenga, kukonza njerwa yosuntha ija ndi kumata pamene simenti inayoyoka. Kenako anatsitsa chingwe chokhala ndi cholemera, wapansi n'kumakoka, wapamwamba n'kumakankha paipi ija, mamita naini. Pa paipiyo pali mivi yolozera kumwamba, chifukwa ikalowa chadodolido madzi a utsi amalowa m'mipiringidzo yake n'kuidya msanga. Pokhota pachiwiri inakana kwa mphindi makumi awiri. Ndinkamva kukhuluza kwake m'khoma la kuchipinda cha mwana, mtima uli m'mwamba kuti mwina aboola. Anaipotoza pang'onopang'ono mpaka inadutsa.

Kulumikiza inset n'kovuta kusiyana ndi sitovu yoima payokha, chifukwa ikalowa pabowo manja alibenso polowera. Yathuyi ili ndi kakhosi kochotseka: anamangirira kakhosiko ku paipi kaye, n'kukankhira bokosi m'malo mwake, kenako n'kumanga mabawuti kuchokera m'kati mwa moyakira moto, mutu uli m'bokosimo, tochi ili kukamwa. Kumbuyo ndi m'mbali anatchingamo ndi zotchingira kutentha zosagwira moto. Pamwamba padenga anaika chipewa chokhala ndi waya kuti jackdaw asabwererenso.

Shelefu yathabwa imene inali pamwamba pa malowa yachotsedwa. Inali pafupi kwambiri kusiyana ndi mtunda umene kabuku ka sitovu kamalola. Mayi anadandaula chifukwa m'pamene pamakhala zithunzi za ukwati, koma tepi yoyezera siinama.

Alamu ya carbon monoxide ndi lamulo ukaika sitovu yatsopano. Aikhoma pasiling'i, pafupifupi mamita awiri kuchoka pa sitovu, pakuti imayenera kukhala pakati pa mita imodzi ndi atatu. Ine ndagula yachiwiri ya kuchipinda cha mwana, ngakhale palibe anandiuza kutero.

Pomaliza anayatsanso kambulu ka utsi kaja. Ndinakwera ndekha m'mwamba, n'kugwada pafupi ndi bedi, mphuno ili pathabwa lija. Panalibe kanthu. Anayesanso atatseka mawindo onse ndi kuyatsa fani ya kukhitchini mwamphamvu, kuona ngati ingakoke utsi kubwerera m'chipinda. Sunabwerere. Kachitsulo kolembapo za chumuni ndi liner akakhoma pafupi ndi mita ya magetsi.

17 Novembala

Masiku atatu a timoto tating'ono kuti penti ya sitovu ikhwime. Fungo lake ndi loipa, longa la pulasitiki wopsa, ndiye mawindo anali otsegula ndipo ana tinawatumiza kwa azakhali awo.

Kusonkha kwake n'kosiyana ndi kumene ndinaphunzira. Kwathu timayamba ndi udzu ndi tinkhuni pansi, zikuni pamwamba, n'kuuzira. Apa zikuni ziwiri zimakhala pansi, tinkhuni topingasa pamwamba pake, choyatsira pamwamba penipeni, moto n'kumatsika. Dzanja linkakana, koma ndinatuluka panja kukayang'ana kudenga, ndipo patangopita mphindi zochepa pa chumuni pankangooneka mpweya wonjenjemera, utsi osaoneka. Kachitsulo kochepetsera mpweya sikatseka mpaka kumapeto. Opanga anaikamo choletsa dala, kuti munthu asathe kuutsamwitsa moto.

24 Novembala

Usiku woyamba wa chisanu chenicheni, magalasi a galimoto atachita mbuu. Tinayatsa 5 koloko chipinda chili pa madigiri 15, ndipo pofika hafu pasiti sikisi chinali pa 21, ndi zikuni zinayi zokha. Tinatsegula chitseko cha kumasitepe kuti kutentha kukwere. Ndikaganiza za 8kW ija, tikanathawa m'chipindamo.

Pali ziwiri zoti zikonzedwe. Pakona ya kumanzere kwa galasi pakuda, ndipo ndikuganiza kuti ndikuika zikuni pafupi kwambiri ndi galasilo. Ndiyesa kuzikankhira kumbuyo, zikapitirira ndimuitana mmisiri adzaone chingwe chotsekera m'mphepete mwa chitseko. Chachiwiri ndi chotchinga cha mwana. Chimene tinagula n'chachifupi, dzanja lake likufika pagalasi, ndiye mawa ndikachibweza n'kutenga chomangirira kukhoma.

Satifiketi yafika pa imelo. Ndatumiza kope kwa a inshuwalansi.

15 Disembala

Apongozi afika Lachinayi. Dzulo madzulo ndinayatsa moto iwo ali m'mwamba kupumula. Atatsika anaima pakhomo, n'kuyang'ana kwa nthawi, kenako anakoka kampando kakafupi ka mdzukulu wawo, kusiya sofa, n'kukhala pafupi atatambasula manja.

Anafunsa mwana wawo, osati ine, monga mwa mwambo: “Kodi utsi wake ukupita kuti?” Mayi anawalozera kudenga n'kuwafotokozera za paipi. Anagwedeza mutu. Patapita kanthawi anafunsanso ngati mungalowe mbatata. Ndinayankha ndili chapatali kuti, “Amayi, moto ukatsala makala okhaokha tikhoza kukulunga ziwiri n'kuziika pambali.” Taziyesa lero. Zinapsa bwino, imodzi inapserera mbali.

Galasi lasiya kuda chiyambireni kukankhira zikuni kumbuyo. Thumba la nkhuni latsika kufika pa theka, msanga kuposa momwe ndinkawerengera, ndiye ndaitanitsa lina lisanafike tchuthi cha Khirisimasi. Wosesa chumuni ndamulembetsa sabata yomaliza ya Febuluwale, kuti tione phula limene lasonkhana m'paipi pa miyezi itatu yoyambayi ndi kuyendera chipewa chija mbalame zisanayambe kumanga. Kashedi kosungira nkhuni kuseri kwa nyumba sindinakayambe. Matabwa ake ali m'galimoto, ndikudikira tsiku lopanda mvula.